Mtsikana wa Tsitsi Lofiira ndi Chipata cha Mfumu

Ambiri mwa ife amene tili ndi ana osinkhukirapo tawaonapo madzulo atawerama pa foni, chala chikungosuntha, maso ali pa zithunzi za anyamata ndi atsikana a maso akuluakulu. Tikafunsa amatiyankha mwachidule kuti ndi manga, ife n'kuwasiya osadziwa ngati tikhazike mtima pansi kapena tide nkhawa. Manga ndi nthano zofotokozedwa m'zithunzi, zochokera ku Japan. Mwa mitundu yake yambiri muli wina wotchedwa shōjo, wolembedwera atsikana, ndipo m'menemo ndimo mwadzaza nkhani za maufumu ongopeka, za chikondi choyamba, ndi za wachinyamata amene akulondola loto lake. Kuziweruza zonse pamodzi kungafanane ndi kunena za nsomba zonse za m'nyanja titalawa usipa wokha. Choncho tatengapo imodzi, taiwerenga modekha, ndipo pano tinena chimene tapezamo ndi chimene tachisowa.

Nthanoyo ndi Akagami no Shirayukihime, imene m'Chingerezi imatchedwa Snow White with the Red Hair. Woilemba ndi kuijambula ndi Sorata Akizuki. Inayamba kutuluka mu 2006 m'magazini ya LaLa DX ya kampani ya Hakusensha, mu 2011 inasamukira m'magazini ya LaLa, ndipo yadzaza kale mabuku oposa 20. Kampani ya Bones inaisandutsa katuni ya pakanema ya zigawo 24 mu 2015 ndi 2016, ndipo mabuku ake a Chingerezi anayamba kutuluka mu 2019 kudzera ku Viz Media. Buku lake limatsekulidwa kuchokera kumene ena amati ndi kumapeto, zithunzi n'kumawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Mwana amene anadutsa ku madrasa sazunguzika nazo. Amazunguzika ndi amene anazolowera mabuku a kusukulu okha.

Mutu woyamba ndi wofunika kuufotokoza bwino, chifukwa mphamvu ndi kufooka kwa nthano yonseyi zili kale m'menemo.

Shirayuki ndi mtsikana wa zaka 18, wopanga mankhwala a zitsamba m'dziko longopeka la Tanbarun. Tsitsi lake ndi lofiira ngati chipatso cha apozi, mtundu wosaoneka wamba kumeneko. Kalonga Raj, mwana woyamba wa mfumu, atamva mbiri ya tsitsilo anatumiza mthenga kuti mtsikanayo akakhale mkazi wake wapambali. Panalibe kufunsa, linali lamulo. Shirayuki anadula tsitsi lija, nalisiya pomwepo, nadutsa malire. Kalonga anafuna tsitsi, ndiye tsitsi anamusiyira. Yankho limeneli ndi lakuthwa kuposa mawu alionse amene wolemba akanaika m'kamwa mwake.

Ali m'nkhalango anafika pa nyumba yopanda anthu. Mnyamata wina analumpha mpanda, nadzidzimuka poona mlendo, nagwa n'kuvulala mkono. Shirayuki atatulutsa mankhwala, mnyamatayo anakana poopa kuti mwina ndi chiphe. Mtsikanayo sanalumbire kapena kuchonderera. Anadzimenya mkono ndi lupanga la mnyamatayo lili m'chimake, n'kudzipaka mankhwala omwewo pamaso pake. Awiriwa, amene tidzawatsata kwa mabuku ambiri, anadziwana motero: woyamba kukhulupiriridwa anali mankhwala, nkhope inabwera pambuyo. Kenako kunafika dengu la maapozi lochokera kwa Raj. M'nthano yakale ya abale a Grimm, yosindikizidwa mu 1812, mtsikana ndiye amadya chipatso cha chiphe n'kugona kudikira kalonga. Pano wodya ndi mnyamata, ndipo mtsikana ndiye akunyamuka kupita kwa mdani wake kukafuna mankhwala opha chiphecho, akudziwa mtengo umene akamuuze.

Mpaka apa Akizuki watembenuza nthano yakale mwaluso. Koma taonani mmene mutuwo ukuthera. Mnyamata uja atulukira kwa Raj ali chilili, pakuti thupi lake analizoloweza ziphe kuyambira ali mwana, ndipo adziulula kuti ndi Zen Wistaria, kalonga wachiwiri wa dziko loyandikana nalo la Clarines. Raj afota. Chimene chapulumutsa Shirayuki pamapeto pake ndi chizindikiro chachifumu chimene chili pa lupanga la Zen. Zitsamba zake zinangotsekula njira. Tisunge mfundo imeneyi, tidzaibwerera.

Nthano zambiri za mtundu uwu zikafika pamenepa zimangoti mtsikana walowa m'nyumba yachifumu, chatsala ndi nsanje ndi madiresi. Akizuki amatha mabuku angapo pa funso limodzi lokha: kodi mtsikanayu alowera pa chipata chiti? Poyamba ankalowa monga mlendo wa kalonga. Nduna ina yotchedwa Haruka inaona kuti uyu ndi mwana wamba amene akufuna kukwera pamsana pa ubwenzi, ndipo inalemba ganyu mnyamata wina, Obi, kuti amuopseze ndi muvi. Tisafulumire kudana nayo ndunayi. Funso lake ndi lomwe mkulu aliyense pakati pathu angafunse ataona mwana wamkazi wosadziwika kwawo akulowa ndi kutuluka pa khomo la munthu wolemera. Shirayuki anapempha Zen kuti asalowererepo, ndipo pamene ndunayo inamuloza ndi lupanga sanabwerere m'mbuyo. Koma kulimba mtima kumeneko sindiko kumene kunathetsa nkhani. Chinathetsa ndi mayeso olowera ntchito ya opanga mankhwala a kunyumba yachifumu.

Mayesowo anali osamalira munda wa zitsamba. Usiku wina, atatsekeredwa m'nyumba ya magalasi yolimamo zomera, anazindikira kuti duwa lina linabzalidwa pamalo olakwika ndipo mizu yake ikuipitsa madzi othirira zomera zinazo. Anazula ndi kuwokanso mpaka kunja kunacha. Anakhoza, ndipo mphoto yake inali udindo wa wophunzira ntchito basi. Mkulu wa opanga mankhwala, mayi wotchedwa Garrack, anamuika pansi pa Ryuu, kamnyamata ka zaka 12 kosakonda kuyankhula, kamene anthu ankakaopa ponena kuti kamadziwa kwambiri za ziphe. Mtsikana amene anakana kalonga akuvomera kutumidwa ndi mwana, chifukwa mwanayo akudziwa zoposa iye. Ife sitinapeze tsamba lina m'nthanoyi limene likuonetsa khalidwe lake bwino kuposa limeneli, ndipo wolemba sakuliimbira ng'oma.

Ntchito yake timaiona ndi maso, tsamba ndi tsamba. Asilikali onse a pa linga la Laxdo atadwala nthenda yosadziwika, iye anafufuza mpaka anapeza kuti vuto linali nkhuni zimene ankasonkha pothawa kuzizira, zimene utsi wake unali woipa. Mayi aliyense amene amadziwa kuti si mtengo uliwonse umalowa pa moto wophikira adzagwedeza mutu. Zomera za m'nthanoyi ndi zongopeka, ndipo pasakhale wina wotengamo mankhwala. Koma kachitidwe kake ndi koona: kuyang'ana, kufunsa, kuyeza, kulemba. Mulibe maula, mulibe mizimu, mulibe ndodo yamatsenga. Chongopeka ndi mapu a dziko lokha. Ngakhale chikondi chimakula kudzera m'ntchitoyo. Garrack anamupatsa zolembedwa za chipatala za Zen, ndipo mtsikanayo powerenga mndandanda wa ziphe zimene mnyamatayo anamwetsedwa pang'onopang'ono kuti adani asadzamuphe, analira. Anamudziwa munthuyo mozama powerenga mbiri ya matenda ake kusiyana ndi mmene akanamudziwira pomvetsera mawu okoma.

Pali munthu mmodzi amene satengeka ndi zonsezi: Izana, mkulu wake wa Zen, amene pambuyo pake amakhala mfumu. Iyeyu amafunsa mosabisa kuti mtsikanayu abweretsa chiyani, ndipo dziko lidzapindula chiyani ndi iye. Ndi wozizira mtima, nthawi zina wankhanza m'mayesero ake, koma nthano simusandutsa mfiti. Amagwira ntchito imene kwathu kuno amagwira ankhoswe a kuchimuna, yofunsa mafunso amene okondanawo sangadzifunse. Zen nayenso sabisa cholinga chake. Amauza mkulu wakeyo kuti mtsikanayu akufuna adzakhale mkazi wake.

Kenako pamabwera gawo limene owerenga osadekha angati likuchedwa, koma limene ife tikuliyesa labwino koposa. Shirayuki atumizidwa ku Lilias, mzinda wozizira wa kumpoto kumene kumasonkhana anthu ophunzira, kukakhala zaka ziwiri. Kumeneko kunali kutabuka kale nthenda imene inachokera ku chomera china chowala, ndipo m'malo mochitha psiti, iye ndi anzake amatha miyezi akufufuza njira yochichotsera ululu kuti kuwala kwake kukhale kothandiza. Zen amatsala ku likulu ndi mulu wa mapepala patebulo pake. Amalemberana makalata, amaonana mwa apo ndi apo. Ife a kunyanja kuno kulekana kotere timakudziwa, koma mbali yake inayo. Mnyamata ndiye amakwera basi ya ku Johannesburg kapena ku Cape Town, mtsikana n'kutsala pakhomo kudikira foni, nthawi zina sukulu ataisiya kale chifukwa cha lonjezo. M'nthano iyi wonyamuka ndi mtsikana, chomunyamutsa ndi maphunziro, ndipo wodikira ndi mwana wa mfumu. Mwana wathu wamkazi akawerenga masamba amenewa akuona chinthu chimene mwina sanachionepo pa mudzi wake, ndipo kuona kokhako si kanthu kakang'ono.

Za kajambulidwe tinene mwachidule. Masamba ndi a mtundu wakuda ndi woyera, choncho tsitsi lofiira limene nkhani yonse yatsamirapo timaliona lotuwa, kupatula pa zikuto. Owerenga amalipaka okha m'maganizo. Akizuki amadziwa kusiya malo opanda kanthu. Pamene wina akanadzaza mawu, iye amajambula dzanja limene latambasulidwa, kapena nkhope yoyang'ana kumbali. Mabuku oyambirira ndi othinana, otsatira ndi opepuka m'maso. Koma nkhope za anyamata zimafanana mpaka kumasokoneza, ndipo zithunzi za nkhondo ya malupanga si luso lake.

Tsopano tibwerere ku mfundo imene tinasunga ija.

Kodi loto limene Shirayuki akulondola ndi la yani? Ku Tanbarun anali kale wopanga mankhwala, ndipo ankathandiza anthu wamba. Atafika ku Clarines anasankha kunyumba yachifumu chifukwa ndi kumene angakhale pafupi ndi Zen n'kumuthandiza. Nthano sibisa zimenezi, koma siiziunikanso. Njira zonse za luso lake zimathera pa khomo limodzi. Usiku wa mayeso uja, amene anamuthandiza kuzula maluwa anali kalonga yemweyo. Tiyese kuganiza kuti mnyamata analumpha mpanda uja anali msodzi wa bwato limodzi. Mtsikanayo akanakhala ndi luso lomwelo ndi mtima womwewo, koma mutu woyamba ukanathera m'nyumba ya Raj. Nthano imene imatiuza kuti munthu amadzisemera yekha njira yayala njirayo ndi mwayi umene owerenga ake sadzaupeza m'nkhalango iliyonse.

N'chifukwa chakenso timatopa ndi kubedwa kwake. Anamuba Mihaya, mwana wa banja lolemera limene linagwa, pofuna kumupereka kwa anthu aulemu chifukwa cha tsitsi. Anamubanso Kazuki. Kenako anagwa m'manja mwa achifwamba a panyanja otsogozedwa ndi mkazi wotchedwa Umihebi. Nthawi zonse amayesa kudzipulumutsa ndi nzeru zake, koma nkhani imatha pokhapokha Zen atafika. Wolemba amene wathera masamba ambiri kutiphunzitsa kuti mtsikanayu amaima pa miyendo yake ndi yemwenso amamumanga zingwe akaona kuti nkhani yazizira.

Chimene chikutisautsa kwambiri ndi Raj. Munthuyu analamula kuti mtsikana akhale wake asakufuna, namutsata kunja kwa dziko, natumiza chakudya cha chiphe. M'mabuku otsatira asanduka munthu woseketsa, wamantha, amene pang'onopang'ono amaphunzira ulemu, mpaka kupatsa Shirayuki dzina laulemu la bwenzi la ufumu. Kusintha kwa munthu n'kotheka, ndipo masamba amenewa ndi osangalatsa kuwerenga. Koma Raj saima pa bwalo lililonse. Salipira kanthu. Atsikana ena a ku Tanbarun amene analibe kalonga wowateteza sitimva za iwo. Mtsikana weniweni amene wakana mwamuna wa ndalama kapena wa udindo amadziwa kuti mwamuna woteroyo sasanduka nthabwala m'mutu wotsatira. Apa nthano yakhululuka msanga pa mlandu umene woukhululukira sanali wolemba.

Ndipo pali dzenje lalikulu pakati pa nthanoyi, limene wowerenga wa kuno adzaliona msanga kuposa wa kwina. Shirayuki alibe abale. Mayi ake anamwalira. Agogo amene anamulera anamwalira nkhani isanayambe. Bambo ake, Mukaze, amatulukira pambuyo pake monga mtsogoleri wa gulu la kumapiri, amacheza naye, amafunsa Zen za mtima wake, kenako n'kumulola kupita. Choncho pamene ankadula tsitsi usiku uja panalibe mng'ono wotsala kuti mkwiyo wa kalonga umugwere, panalibe mayi woti mawa akayankhe kwa amithenga, panalibe amalume oti auzidwe. Ku Lilias sitimva za fizi kapena za wodwala kumudzi amene akudikira ndalama. Kumbali ya Zen kuli mkulu wake, nduna ndi dziko lonse. Kumbali ya mtsikana kuli iye yekha ndi thumba la zitsamba.

Vuto limeneli si la Akizuki yekha. Mu Fruits Basket ya Natsuki Takaya, imene inayamba mu 1998, timakumana ndi Tohru Honda akugona mu tenti mayi ake atamwalira. Mu Akatsuki no Yona ya Mizuho Kusanagi, ya mu 2009, bambo a Yona aphedwa nkhani itangoyamba. Olemba a mtundu uwu anapeza kuti njira yachidule yomasulira mtsikana ndi kuchotsa makolo ake. N'zosavuta kujambula, koma zimasiya kunja gawo lovuta koposa la loto lililonse. Mtsikana wa ku Makanjira kapena ku Nkhotakota amene akufuna kukaphunzira unamwino sangadule tsitsi n'kudutsa malire. Ayenera kukhala pa mphasa ndi mayi ake, kumvetsera mantha a agogo ake, kukopa amalume amene mwina alandira kale mawu a banja lina, n'kunyamuka ndi madalitso awo. Zimenezi zimafuna luso ndi kulimba mtima kosachepera kwa Shirayuki, ndipo m'mabuku oposa 20 amenewa mulibe tsamba limene lingamuonetse mmene zimachitikira. Nthano imamupatsa chifaniziro cha kumene angafike, koma mtunda umene wayandikana ndi khomo lake ayenera kuuphunzira kwa amoyo.

Kholo lofuna kudziwa zimene mwana akuona liyenera kuuzidwa zoona. Poyerekeza ndi zinzake zambiri, nthanoyi ndi yodziletsa, ndipo chikondi chake chimayenda pang'onopang'ono kulunjika ku ukwati. Komabe muli kupsompsonana ndi kukumbatirana kwa anthu osakwatirana, muli nthawi zimene awiriwo ali okha popanda wachitatu, ndipo mowa umaoneka ngati chinthu wamba. Agogo a Shirayuki anali ndi malo omwera, ndipo iye mwini tsiku lina analedzera atamwa mosadziwa. M'nyumba zathu izi si zopepuka, ndipo ndi bwino kuzitchula ndi dzina pamaso pa mwana kusiyana ndi kuyerekeza kuti sanazione. Tikumbukenso kuti pa intaneti nthano iyi imakhala moyandikana ndi zina zimene zikuto zake ndi zokongola chimodzimodzi koma m'kati muli nyerere, monga mkuyu uja wa m'mwambi. Dzina la shōjo palokha silitsimikizira kanthu.

Pali malo amodzi pamene Akizuki analimba mtima kuposa pa nkhani ya awiri akuluwo, ndipo ali kumbali, kwa atumiki a Zen. Kiki, mwana wamkazi wa banja lolemekezeka la Seiran ndiponso wodziwa lupanga, wagwira ntchito kwa zaka zambiri pamodzi ndi Mitsuhide. Owerenga onse ankadziwa kumene mtima wake uli, ndipo ankayembekezera mapeto amene nthano zotere zimapereka. Kiki anamuuza Mitsuhide za ukwati, iye mwini, maso ndi maso. Mitsuhide anakana, ponena kuti moyo wake anaupereka kale ku ntchito yoteteza Zen. Panalibe mdani wowalekanitsa kapena bodza loti lidzaululike. Mmodzi anafuna, wina sanafune. Obi nayenso, uja wa muvi, anadzakonda Shirayuki, navomera zimenezo pamaso pa Zen, napitiriza kumulondera ku Lilias akudziwa kuti sadzakhala wake. Kiki pambuyo pake anatomeredwa ndi munthu wina, Hisame, ndipo pamasamba otsatira timamuona iye ndi Mitsuhide ali pa ntchito yawo yakale, wina mbali iyi ya kalonga, wina mbali inayo, akukambirana za ulendo wa mawa.